Mtengo wa Mango wa ku Kabulonga

Mwezi wa Ogasiti ndinapita kwathu ku Msanzala kukaona ambuya anga. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akuswa nshawa, mwendo umodzi atautambasula cifukwa ca bondo limene lakhala likuwabvuta zaka zambiri. Titatha malonje anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa.

"Iwe, uko ku Lusaka unkhala kutali na Kabulonga?"

Ndinati iyai ambuya, ndikhala ku Kalingalinga, ku Kabulonga munthu angafike ndi miyendo.

"Lomba ukaniwonereko mango ya asikulu ako ngati ikaliko. Anabyala okha na manja awo, atate ako ali kumsana."

Nambala ya nyumba sakuidziwa, dzina la msewu sakulidziwa, pakuti ambuya sanalowepo m'kalasi. Cimene akumbukira n'cakuti belu la sukulu ya anyamata acizungu linkamveka bwino ali pakhomo pa kanyumba kawo, kuti kuseri kwa yadi kunali culu cacikulu, ndiponso kuti dona anali ndi agalu awiri odya nyama tsiku lililonse. Ananditumiza ndi zizindikiro zitatu zimenezi basi.

Ndinabvomera msanga. Koma m'basi pobwerera, titadutsa Nyimba ndi nthoci zake, manyazi anandigwira. Zaka 6 ndakhala ku Kalingalinga ndipo ku Kabulonga ndimangokuonera pa windo la minibasi. Inu anzanga a m'komboni mukudziwa mmene zilili. Kumayadi timapitako pokhapokha pali cifukwa: kukafuna pisiweki, kukasiya katundu, kukadikira munthu pa mall. Kungoyenda cabe, manja m'thumba, n'kumayang'ana nyumba za eni, umadziona wekha ngati wakuba ngakhale palibe amene wakunena. Conco ndinaganiza kuti ngati ndipita, ndisadulire pafupi. Ndiyambire m'tauni, kumene asikulu ankatumidwa kukagula zinthu, ndi kukwera njira yonse imene iwo ankakwera ndi dengu pa njinga ya bwana.

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lija loti phula limanunkha. Ndinayambira pa Freedom Statue, mu Independence Avenue. Cifanizo ca mwamuna wodula unyolo cimeneci takhala tikuciona pa ndalama zathu za pepala kwa zaka zambiri, koma ambirife sitinaimepo pansi pake. Cinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 za ufulu, ndipo munthu amene cimakumbutsa ndi Zanco Mpundu Mutembo wa ku Mbala. Sindinakhalitsepo. Cimene ndinadzera ndi msewu weniweniwo.

Mukaima pamenepo, kumbuyo kwanu kuli Kamwala, njanji, ndi Cairo Road. Kumeneko ndiko kunayambira Lusaka. Njanji inafika mu 1905, ndipo kasiteshoni anakapatsa dzina la nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wake unali ca ku Manda Hill, kumene lero kuli nyumba ya malamulo. Malo a kunjanji ndi athyathyathya, pansi pake pali mwala wa laimu, mvula ikagwa madzi sadziwa kolowera. Pambuyo pake likulu la Northern Rhodesia linali ku Livingstone, kotentha, kwa malungo, komanso kumapeto kwenikweni kwa dziko. Atafuna kusamuka, azungu anasankha Lusaka cifukwa ili pakati, pa njanji, pamene msewu wa kumpoto ukumana ndi wa kum'mawa. Koma sanafune kukhala m'matope a kunjanji. Mu 1931 katswiri wa mapulani a mizinda wocokera ku London, Profesa Stanley Adshead, analemba pulani yoika likulu latsopano pa mtunda umene uli kum'mawa kwa tauni. Mu 1935 boma linasamukira pamenepo. Dzina lakuti Ridgeway likunena mtunda umenewu.

Pa minibasi simungadziwe kuti pali mtunda. Miyendo ndiyo imadziwa. Kucokera pa Freedom Statue, kudutsa Government Complex ndi National Museum, msewu umakwera pang'onopang'ono, ndipo pokwerapo mitengo imaculuka, fumbi limacepa, ogulitsa vitumbuwa amayamba kusowa. Ndinaseka ndekha nditazindikira kuti madzi amene amatiloweramo m'nyumba mu Januwale, ku Kanyama, ku Misisi, sanayambe dzulo kusankha anthu. Amene analemba pulani anadziwa bwino kumene madzi amapita, ndipo anadziika okha kumene madzi amacokera.

Adshead ankafuna mzinda wa minda ya maluwa: mayadi akuluakulu, misewu yotakata, mitengo mbali zonse. Za ife munalibe zambiri m'pulaniyo. Munthu wakuda m'tauni ankawerengedwa ngati mlendo wodzagwira nchito, amene kwawo ndi kumudzi ndipo akakalamba adzabwerera. Ankayenda ndi citupa. Amene munapitako ku Kabwata Cultural Village munaona tinyumba tozungulira taudzu kumene masiku ano amagulitsa zosema. Timeneti n'totsala pa nyumba zimene anamangira amuna ogwira nchito m'tauni, cipinda cimodzi, popanda kuganiza kuti munthuyo ali ndi mkazi ndi ana. Chilenje ndi Matero zinabwera pambuyo. Akuda okha amene ankagona pa mtunda paja anali makhukhi, anyamata a m'nyumba ndi a m'dimba, m'tinyumba ta kuseri kwa yadi.

Asikulu anali khukhi. Cimene cinawacotsa ku Msanzala n'cimene cinacotsa atate awo kale: msonkho. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, boma la kampani ya British South Africa linkafuna msonkho wa ndalama, ndipo kwathu nshawa ndi mapira sizinkabala ndalama. Amuna a ku Petauke ndi ku Nyimba ankayenda pansi milungu, kuwoloka Zambezi ca ku Feira, kukafuna nchito ku migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Likulu litabwera ku Lusaka, njira inafupika. Makilomita pafupifupi 400 a Great East Road, kudutsa mlatho wa Luangwa ndi mapiri aja oopsa, anali pafupi poyerekeza ndi Salisbury. Anabwera ambiri, Ansenga, Acewa, Angoni, ndi ena ocokera ku Nyasaland. Apolisi ndi asilikali nawonso ankalamulidwa m'Cinyanja. N'cifukwa cake mzinda womangidwa m'dziko la Asoli ukulankhula cinenero ca kum'mawa mpaka lero. Mukamva kondakitala akuti "nifuna", "niyenda", dziwani kuti m'kamwa mwake muli Cinsenga ca agogo a munthu wina, ngakhale iyeyo kwawo kuli ku Kasama.

Ndinafika pamwamba pa mtunda thukuta lili kamukamu. Apa ndiye pali zoona. High Court ili apo, tchalitchi cacikulu ca Anglican, Cathedral of the Holy Cross, cili apo, hotela ya Ridgeway imene tsopano ikutchedwa Southern Sun ili pafupi pomwepo. Majakaranda anali atagwetsa maluwa, pansi ponse pali biii. Tchalitchico cinatsegulidwa mu 1962, zaka ziwiri ufulu usanabwere, ndipo mawindo ake aatali a magalasi amitundumitundu amagwetsera kuwala pa mabenchi ngati citenje coyanika. Ndinalowa, ndinakhala kumbuyo mphindi zingapo. Kunena zoona, cimene cinandikhazika ndi kuzizira kwa mkatimo.

Kutsogolo kwa High Court kunali cifanizo cimene inu ndi ine sitinacionepo. Cinali ca munthu wokwera kavalo, dzina lake Physical Energy, cimene kampani ya British South Africa inaimika mu 1960 pokumbukira Cecil Rhodes. Anthu akuda ankadana naco, pakuti ankadziwa amene akukwera ndi amene akukweredwa. Ufulu utabwera sicinakhalitse: mu 1966 cinatsitsidwa n'kutumizidwa ku Salisbury, ndipo mpaka pano cili ku Harare. Ndinayesa kuganiza asikulu akudutsa pamenepa ndi njinga, kavalo wamkuwa ali pamwamba pawo. Ambuya sanachulepo kavaloyo ngakhale kamodzi. Nkhani imene amabwerezabwereza ndi ya nyama.

M'mabuchala a m'tauni munthu wakuda sankalowa pakhomo. Ankagulira pa kawindo ka m'mbali, ndipo sankasankha: ankalandira zimene wapatsidwa zitakulungidwa kale, mafupa ndi mitsempha, zimene azungu ankazitcha nyama ya maboyi. Khukhi akabwera ndi kakalata ka dona ankapatsidwa nyama yabwino, koma ya bwana. M'zaka za m'ma 1950 cipani ca African National Congress ca Harry Nkumbula cinauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala ndi m'masitolo ocita zimenezi, ndipo anyamata a cipani ankaima pakhomo kuona amene akuphwanya. Tsopano taganizani za khukhi. Dona wamutuma nyama ya madzulo. Akabwerera manja-manja nchito yatha, ndipo nchito ikatha nyumba yathanso tsiku lomwelo, pakuti kanyumba ka kuseri n'ka bwana. Akagula, abale ake amutcha wogulitsa mtundu. Ambuya amati asikulu tsiku lina anazungulira tauni mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera kukanama kuti buchala inali yotseka. Dona anawadula malipiro. Usiku umenewo agalu awiri aja anadya za m'citini.

M'mabuku a mbiri timawerenga za amene anatentha zitupa mu 1961 pa nthawi ya Cha Cha Cha, ndi za nyumba nambala 394 ku Chilenje kumene Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Za khukhi wozungulira tauni ndi dengu lopanda kanthu palibe analemba. Ine sindikuti asikulu anali ngwazi. Citupa cawo sanatenthe, cikali m'kasutikesi ka ambuya pamodzi ndi makhadi a ubatizo. Anali munthu wa mwana wakhanda amene anapeza bodza loti limupulumutse mbali zonse ziwiri, ndipo ndikhulupirira kuti anthu otere anali ambiri kupambana ngwazi.

Kupitirira pang'ono pali Cabinet Office, nyumba yakale imene azungu ankaitcha Secretariat, mtima wa boma lawo. Kutsogolo kwake kuli Cenotaph, mwala wokumbukira amene anafa pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri. Kwathu nkhondo yoyamba ija imakumbukika ndi dzina la mtengatenga, cifukwa amuna ambiri anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali pamutu, ndipo ena sanabwerere. Tsidya lina la msewu ndi Embassy Park, manda a mapulezidenti. Levy Mwanawasa ndiye anayamba kugona pamenepo mu 2008, ndipo manda ake anawamanga ngati mpando wacifumu. Anatsatira Frederick Chiluba mu 2011, Michael Sata mu 2014, Kaunda mu 2021, Rupiah Banda mu 2022. Pa manda a Banda ndinaima nthawi yaitali kuposa pa ena. Iyeyu anabadwira ku Gwanda, ku Southern Rhodesia, mu 1937, kwa makolo a kum'mawa amene anapita kukafuna nchito. Njira ya msonkho yomwe ija. Mwana wa anthu oyenda pansi wagona pamwamba pa mtunda wa Adshead, pa malo amene atate ake akanafunsidwa citupa. Asikulu anga agona ku Msanzala pansi pa msekese, ndipo cizindikiro ndi mbale yakale yoboola.

Kucokera apa msewu umatalika, anthu oyenda pansi amatha. Umangomva matayala a magalimoto ndi nsapato zako. Mpanda wa State House ukayamba sufuna kutha. Palibe anandiuza kanthu, koma foni ndinaibweza m'thumba, ndinawolokera tsidya lina, ndipo ndinayenda ngati munthu wotumidwa mankhwala. Nyumbayo inamangidwa pamodzi ndi likulu, dzina lake loyamba Government House, ndipo kazembe womaliza kukhalamo anali Sir Evelyn Hone. Kaunda analowamo mu 1964, anatulukamo mu 1991. Bata la kumeneku lingakunamizeni kuti nkhondo sinafikeko. Mu Epulo 1979 asilikali a Ian Smith analowa mu Lusaka usiku pa magalimoto opakidwa utoto ngati a asilikali athu, n'kuphwanya nyumba imene Joshua Nkomo ankakhala, pafupi ndi State House pomwepa. Nkomo sanamupeze. Pambali pake pali bwalo la gofu, ndipo udzu wa pamene amagwetsera kampira unali wobiriwira mu Okutobala, mwezi umene ife timadzuka usiku kukaima pa mzere wa zigubu.

Ndinalowa mu Kabulonga dzuwa lili paliwombo. Dera limeneli linakula nkhondo yaciwiri itatha, pamene azungu anaculuka ndipo Ridgeway inacepa. Sukulu ya belu lija sinandibvute kupeza. Kabulonga Boys ndiyo inali Gilbert Rennie, dzina la kazembe amene analamulira kuyambira 1948 mpaka 1954, ndipo Kabulonga Girls inali Jean Rennie, dzina la mkazi wake. Mwana wakuda sankaphunziramo. Lero ana ambiri amene amavala yunifomu ya sukulu zimenezi amacokera ku Mtendere, ku Kalikiliki, ku Bauleni ndi kwathu ku Kalingalinga, pamene ana a m'mayadi ozungulira sukuluzo amatengedwa pa galimoto kupita ku sukulu zolipira. Belu likali kulira, koma eni mayadi salimveranso ana awo.

Maina a misewu anandiseketsa: Sable, Roan, Kudu, Reedbuck. Mphalapala, cilembwe, ngoma, mphoyo. Nyama za kwathu, za m'thengo la kwa Sandwe, zimene munthu wa ku Msanzala akaigwira amakagona m'ndende, kuno zili pa zikwangwani.

Tsono bvuto linayamba apa. Ambuya anandiuza za mayadi a mipanda ya maluwa, yofika m'ciuno, moti wodutsa ankaona dona akumwa tiyi pakhonde. Kabulonga wa lero ndi makoma. Mkuwa utagwa mtengo m'zaka za m'ma 1970, nchito zinasowa, umbava unakula, ndipo mabwana atsopano, akuda anzathu, anayamba kumanga. Khoma la mabuloko, pamwamba mabotolo oswa, kenaka waya waminga, kenaka waya wamalaiti. Ndinayenda misewu yonse imene ndinaganiza kuti belu lingafikeko. Mango ndinaiona, yambiri, nthambi zikusuzumira pamwamba pa makoma, tizipatso tikali tating'ono tobiriwira. Pafupifupi yadi iliyonse yakale ili ndi mango kuseri, ku mbali ya kanyumba ka anchito. Azungu ankabyala majakaranda ndi maluwa kutsogolo. Mango ya kuseri inabyalidwa ndi anthu onga asikulu, ndipo anali mazanamazana.

Pa geti ina yakuda ndinaima kuyang'ana mtengo waukulu kwambiri, wa thunthu loti anthu awiri sangalikumbatire. Kawindo ka pa geti kanatseguka.

"Mufuna ndani, boss? Nakuonani mwapita apa kawiri."

Anali mlonda wacikulire, wa imvi m'ndevu, ndodo m'manja. Pakamwa panauma. Ndinayamba kufotokoza m'Cinyanja ca m'tauni, ndikudziwa kuti nkhani yanga ikumveka ngati ya munthu wodzaona polowera usiku. Nditachula Msanzala, ndodo inatsika.

"Mufuma ku Msanzala? Kwa Nyamphande keno kwa Sandwe? Neo kwasu ni ku Nyimba. Muli tyani, mwana wakwasu?"

Anatuluka, tinagwirana canza, anandipatsa madzi m'botolo lake. Dzina lake sindilemba, nchito ingawathere. Anamvetsera za culu ndi agalu awiri mpaka kumapeto osaseka. Kenaka anati yadi imene akulondayo kale inali imodzi, tsopano muli mafulati 8, ndipo culu ciliconse ca m'dera limenelo cinaphwanyidwa kalekale ndi omanga. Za mango anapukusa mutu. "Niziwa lini, atata. Iyi neipeza ni ikulu kale." Kulowa sanandilole, ndipo sindinawakakamize. Anangotsegula geti pang'ono kuti ndione thunthu. Pansi pake panali kampando ka pulasitiki, mbaula, ndi kapoto kakuda. Amagona ku Mtendere, amayenda pansi m'mawa ndi madzulo, ndipo mkazi ndi ana ali kumudzi akulima.

Ndinajambula mtengowo pa foni. Pocoka ndinali nditakonza kale bodza: ndidzawaonetsa ambuya cithunzi, ndidzati ndi womwewo, maso awo sangatsutse. Mdzukulu wa munthu wa buchala yotseka sangasowe conena.

Pobwerera ndinatsikira ku Alick Nkhata Road. Nkhata anali woimba ndi muulutsi wa pa wailesi ya Central African Broadcasting, masiku a kawailesi kochipa kotchedwa Saucepan Special kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949. Ambuya amati khukhi wa yadi yoyandikana nayo anali nako, ndipo madzulo anchito a mayadi atatu ankasonkhana kuseri kumvetsera, mawu atatsitsa kuti bwana asadzuke. Nkhata anafa mu 1978 pamene asilikali a ku Rhodesia anaukira ca ku Mkushi. Msewu wa dzina lake lero ndiwo ukudutsa m'mbali mwa Kalingalinga, ndipo nawonso wayamba kudzaza maofesi ndi masitolo a magalasi. Eni mapuloti a m'mphepete akugulitsa mmodzimmodzi. Tsiku lina mdzukulu wa munthu wina adzabwera kudzafuna mtengo kuno, mlonda adzamufunsa cimene akufuna.

Ndinafika kunyumba mapazi akuyaka. Madzulo ndinaimbira msuweni wanga kumudzi, amene amakwera pa culu ca kuseri kwa khola kuti apeze netiweki, ndipo anawatengera ambuya foni.

"Waipeza?"

Bodza lija linakana kutuluka. Ndinati ambuya, mango iliko yambiri, yadi iliyonse, sindinathe kudziwa kuti ya asikulu ndi iti. Culu anaphwanya.

Anakhala cete mpaka ndinayesa kuti netiweki yathawa. Kenaka anafunsa ngati mango imene ndinaona inali ikuluikulu ija ya m'masitolo kapena ing'onoing'ono ya ulusi. Ndinati ikali yaiwisi, koma ikuoneka ngati ing'onoing'ono.

"Ni yamene iyo. Mbewu nenze nayo pa citenje pocoka kuno. Mai wake ni uyu uli pa khola, wamene mukwerapo tyala masiku onse." Anatsokomola. "Ukabwere mu Disembala uzadye. Unigulireko shuga na mafuta ozola ku bondo."